Kutsika Viphya pa njinga: kuchokera ku Luwawa mpaka ku Nkhata Bay

Lachiwiri usiku, ku Luwawa

Tafika bwino. Ndikulemba nditavala majuzi awiri, zala zili gwa ndi chisanu, nkhuni za paini zikuthetheka pamoto. Amene mumaudziwa Ogasiti ngati mwezi wa fumbi ndi kamvuluvulu basi, bwerani kuno ku Viphya mudzaone mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi.

Tinanyamuka ku Lilongwe kusanache, ine ndi alamu anga, njinga ziwiri titazimanga ndi malegeni kumbuyo kwa galimoto ya mnzathu wopita ku Mzuzu. Pa Jenda tinaima kugula tomato, anyezi ndi mbatatesi. Patsogolo pake anatitsitsa pamphambano pamene msewu wafumbi wa ku Luwawa umasiyana ndi M1, ndipo kuyambira pamenepo tadalira miyendo yathu.

Ulendowu uli ndi mwini wake, ngakhale kuti iye anatisiya zaka zitatu zapitazo. Apongozi anga aamuna, bambo a mkazi wanga ndi alamuwa, anagwira ntchito yodzala paini ku Chikangawa ali mnyamata. Kwawo kunali kufupi ndi Chintheche, ndipo akalandira malipiro ankatsika mapiri wapansi kukaona makolo, kenako n'kukweranso. Nkhaniyi ankaikamba kawirikawiri, ife n'kumangoyankha kuti "zoona bambo" osadziwa kuti njirayo ndi yotani. Tsopano tikufuna kuiona ndi maso. Kuno tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pamene nyanja ili pa mamita osakwana 500. Ndiye kuti pali mamita oposa 1,000 oti titsike.

M'zikwama muli pampu, machubu anayi, zigamba ndi guluu, masipanala, tenti yaing'ono, kapoto, mpunga ndi usipa wouma.

Lachitatu, ku Luwawa komweko

Lero tinati tizoloweze matupi, tisapite kutali. Tinadzuka damu la Luwawa litaphimbidwa ndi nkhungu, madzi osaoneka, kumangomveka mbalame tsidya lina. Tinadikira mpaka dzuwa litamwaza nkhunguyo ndipo tinalowa m'nkhalango.

Kupalasa pansi pa paini wamkulu ndi chinthu china. Masamba ake owonda ngati singano amagwa n'kuyala mphasa yofiirira panjira, moti tayala silimveka n'komwe. Zii. Umangomva tcheni chikuyenda ndi mtima wako ukugunda. Fungo la utomoni limalowa mpaka m'zovala. Koma mphasa yomweyo ndi yoterera: pokhota pena ndinagwira buleki yakutsogolo mwamphamvu, tayala linaseseleka, ndipo ndinapulumukira phazi. Alamu anandiuza kuti pamasamba otere buleki umaigwira usanafike pokhota, ukalowa umaisiya njinga idziyendere. Ndayesa kangapo ndipo n'zoona.

Misewu imeneyi sanailambulire anthu okwera njinga. Ndi ya mathirakitala ndi malole otuta mitengo, ina ndi mikwasa yotchinga moto. Nkhalango ya Viphya inadzalidwa kwambiri m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 mpaka inakwana mahekitala pafupifupi 53,000, imodzi mwa nkhalango zodzalidwa ndi anthu zazikulu kwambiri mu Africa. Cholinga chinali chakuti mitengoyi izipita ku fakitale yopanga mapepala imene inayenera kumangidwa ku Chintheche, m'mbali mwa nyanja. Fakitaleyo sinamangidwe. Mitengo inakula n'kumadikira, ndipo pamapeto pake inakhala ya matabwa.

Masana tinakwera kaphiri kena kuti tione kutali, ndipo pamwamba pake mtima wanga unasweka. Kumbuyo kwathu kunali kobiriwira, koma kutsogolo, mpaka kumene maso alekezera, kunali mapiri a zitsa zokhazokha ndi udzu wofiira. Apo ndi apo timitengo tatsopano tofika m'chiuno. Alamu anakhala pa chitsa china n'kuyamba kuwerenga mizere yake ndi chala, mzere umodzi chaka chimodzi. Atapitirira 30 anasiya, nati, "Alamu, mwina uwu anadzala ndi adada." Sindinayankhe. Tinadya mbatata yathu yootcha pomwepo, kenako tinatsika mwakachetechete.

Lachinayi, pafupi ndi Chikangawa

Tsiku lalitali, ndipo miyendo ikudziwa. Talunjika kumpoto tsiku lonse, kukwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika, chifukwa Viphya ilibe chidikha chenicheni. Ukamaliza chitunda n'kuganiza kuti wapuma, umapeza chinzake chikukudikira. Pena tinkatulukira mu M1 n'kuyendamo pang'ono, koma malole a matabwa amadutsa pafupi kwambiri, choncho tikaona kanjira kolowera m'tchire tinkakatsata.

Pa chitunda china chotalika ndinatsitsa magiya mpaka yomaliza, ndikupalasa pang'onopang'ono, ndipo ndinapeza bambo wina akukankha njinga. Inali njinga yakuda ya kale ija, yopanda magiya, kaliyala yake yowotcherera ndi zitsulo zowonjezera. Pa iyo anamangapo matabwa asanu ndi limodzi aatali kuposa njingayo kawiri, ena pakaliyala, ena atadutsa pakati pa felemu. Chishalo anachichotsa. Mapedulo analipo koma opanda ntchito. Phewa analiika pamatabwa, mutu pansi, patapata wina atamangidwa ndi waya, thukuta lili chuchuchu m'chisanu chonsecho.

Ndinatsika n'kupereka moni wa Chitumbuka umene ndimaudziwa, "Monire adada." Anayankha "Yewo", kenako anayang'ana njinga yanga kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Anagwira tayala, analipsinya ndi chala, n'kufunsa m'Chichewa kuti, "Nanga katundu mumaika pati?" Ndinamuonetsa kachikwama kumsana. Anagwedeza mutu osanena kanthu. Alamu atafika tinagoneka njinga zathu m'mbali n'kumuthandiza kukankha mpaka pamwamba. Anthu atatu, koma tinafika tikupuma ngati tathamangitsidwa. Iye amachita zimenezi yekha, ndipo potsika phiri ndiye povuta kwambiri, chifukwa mabuleki sangagwire katundu wotere. Amamangirira nthambi kumbuyo kuti izikhukhuluza pansi.

Sindibisa, ndikaona matabwa ndi makala zikutuluka m'nkhalango ndimakwiya. Dzulo lomweli ndinali wokwiya pamwamba pa phiri paja. Koma lero nditaika phewa langa pamatabwa amenewo, mkwiyo wanga unasowa pogwira. Bamboyo si amene anamaliza mahekitala onse aja.

Chakumadzulo tinaona utsi kumadzulo kwa njira yathu. Moto wolusa. Nyengo ino udzu wauma ndipo mphepo ikuwomba, paini ndiye ali ndi utomoni woyaka ngati palafini. Tinaima kuona kumene mphepo ikulowera, kenako tinapalasa mwamphamvu mpaka fungo la utsi litatsalira m'mbuyo. Chimene chimapsa msanga ndi timitengo tating'ono tija, todzala dzana ndi dzulo.

Tagona m'kachipinda kolipira. Madzi osamba anatiwiritsira pa nkhuni za zibanthu za paini.

Lachisanu usiku, m'mudzi wina pakati pa mapiri

Netiweki kulibe, izi ndidzaziika mawa kapena mkuja.

Safunsa anadya phula. M'mawa tinafunsa amayi ogulitsa mandasi za njira yotsikira kunyanja, ndipo anatiitanira mnyamata wina amene amapita uku ndi uku kukagula nsomba zouma kumunsi n'kudzagulitsa kwa ocheka matabwa. Tinagwirizana za ndalama, anatenga njinga yake, tinanyamuka. Pafoni mapu ankaonetsa mzere umodzi wokha. Pansi panali njira zisanu, ndipo iye ankadziwa imene mlatho wake unakokoloka ndi mvula yapitayi, imene imathera m'munda mwa munthu, ndi imene ili ndi njuchi m'phanga la mtengo.

Paini anatha mwadzidzidzi, ngati wina wadula ndi mpeni, ndipo tinalowa m'tchire lachilengedwe la mitengo ya mombo, tsamba ndi masuku. Abale, nyengo ino mitengo imeneyi ikuphukira, ndipo masamba atsopano sabwera obiriwira. Amabwera ofiira, ena ngati magazi, ena ngati dzimbiri, ena achikasu. Phiri lonse lili psuu ngati likuyaka popanda utsi. Ndinaima kambiri kungoyang'ana, mpaka mnyamata uja anati, "Akulu, dzuwa silidikira."

Kenako mtsetse weniweni unayamba. Kanjira n'kopapatiza ngati mkono, mizu yapingasa, miyala yotakasuka, mbali imodzi phiri, mbali inayo phompho. Ndinatsitsa chishalo, thako kumbuyo kwenikweni pafupi kukhudza tayala, zala ziwiri pa buleki iliyonse, maso patsogolo osati pa tayala. Ukayang'ana mwala umene ukuuopa, njinga imapita pamwalapo. Mikono inayamba kunjenjemera, zikhatho zinachita dzanzi, ndipo nditakhudza chitsulo cha buleki chinali chotentha ngati chiwaya. Malo ena sitinachitire mwina koma kunyamula njinga paphewa. Mitsinje itatu tinawoloka nsapato zili m'manja, madzi ozizira mpaka m'mafupa, ndipo m'makhwawa amenewa muli mitengo ikuluikulu yosayoyola masamba, mdima wake ngati kwada. Anyani anatikuwa tsidya lina.

Mnyamata wathu njinga yake ili ndi buleki yakumbuyo yokha. Kutsogolo amaponda tayala ndi chidendene cha nsapato. Sanagwe ngakhale kamodzi.

Ine ndinagwa, chakumasana, pamalo osaopsa n'komwe. Kamtengo kanalowa m'masipoko n'kukoka kachitsulo kosinthira magiya kumbuyo, kanapindika n'kuthyoka, tcheni n'kupotokola. Ndinasupuka chigongono ndi bondo. Alamu anatsuka mabala ndi madzi a m'botolo n'kumanga ndi nsalu. Kuyambira pamenepo ndinkangotsetsereka potsika ndi kukankha pokwera, tcheni nditachimanga pa felemu ndi legeni.

Tinafika m'mudzi muno dzuwa litapendeka. Tinayamba kwa amfumu monga mwa mwambo, alamu akulankhula Chitonga, ndipo atatchula mudzi wakwawo ndi mfunda wawo, nkhope za anthu zinamasuka. Anatipatsa malo okhomapo tenti pabwalo la sukulu. Mayi wina anatibweretsera nsima ndi chigwada chotendera. Kuno kwayamba kufunda, juzi imodzi yakwana.

Ndagona chagada ndikuganiza za apongozi. Njira imene yatitengera tsiku lonse potsika, iwo ankaikweranso Lamulungu kuti Lolemba apezeke pantchito, thumba la ufa wa chinangwa lili pamutu.

Loweruka, kwa apongozi, kufupi ndi Chintheche

M'mawa tinakankha pafupifupi ola limodzi kufika pa kamsika kena pamene pali wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Zida zake zonse zinali m'chitini cha mafuta ophikira chodulidwa pakamwa: masipanala atatu, pulayala, hamala yopanda chigwiriro, ndi machubu akale odulidwadulidwa. Anayang'ana kachitsulo kothyoka kaja n'kunena mosabisa kuti koteroko kulibe kuno, mwina ku Mzuzu. Kenako anafunsa, "Mukufuna magiya kapena mukufuna kukafika?"

Mmene anachitira ndi mmenemu. Anachotsa kachitsulo konseko. Anayala tcheni pa giya yapakati kutsogolo ndi yapakati kumbuyo, n'kuyeza pofunika kudula. Anaika nati pamwala, tcheni pamwamba pa natiyo kuti kapini kayang'anizane ndi bowo, anatenga msomali wofupikitsa n'kumenya pang'onopang'ono, go, go, go, mpaka kapini katasuntha koma osatulukiratu. Anachotsa mfundo zopindika, analumikiza, anabwezera kapini, n'kupinda tcheni uku ndi uku ndi manja kuti mfundoyo ifewe. Anadontheza oyilo wakuda wa galimoto kuchokera m'kabotolo ka mankhwala. Ntchito yonse sinakwane theka la ola. Njinga yanga ya magiya ambirimbiri tsopano ili ndi imodzi, ndipo ikuyenda. Mtengo umene anatchula unali wochepa moti ndinawonjezera, iye n'kulandira ndi manja awiri.

Kuchokera apo dziko linasintha msanga. Minda ya chinangwa pamilu yake, nthochi, migwalangwa, mpunga wokolola kale m'madambo, mitsinje yonse ikuthamangira ku Luweya. Kutentha kunabwera ngati wina watsegula chitseko cha khitchini. Pafupi ndi midzi munkamveka fungo lowawasa la chinangwa chovika. Ndinaima pa dziwe lina pamene amayi ankavuula: chinangwa chimakhala m'madzi masiku angapo kuti ululu wake uchoke, kenako amachifinya, kuchiphwanya, n'kuchiyanika pa thandala kapena pamwala mpaka chiume kuti mbee, ndiye n'kusinja.

Ndipo pa kachitunda kena, pakati pa mitengo iwiri ya mango, nyanja inaonekera. Yabuluu, yopanda malire, mafunde oyera chifukwa mwera ukuwomba. Alamu anakuwa ngati mwana n'kundisiya m'mbuyo.

Apongozi aakazi anatiwona tikadali patali. Ndinatsika njinga kunja kwa bwalo, ndinavula chisoti, n'kunjuta chapatali monga ayenera mkamwini. Anati, "Mwe uli, ada?" ndipo ndinayankha mmene mkazi wanga anandiphunzitsira, "Nde umampha, ama." Anaseka ndi chimwemwe. Ataona bondo langa anaitanitsa madzi ofunda ndi mchere. Alamu atawauza njira imene tadzera, anakhala chete kanthawi, kenako anayamba kutchula mitsinje imene tawoloka, umodzi umodzi, motsatana bwinobwino, chonsecho iwo sanapondeko. Ankaimva kwa amuna awo.

Madzulo kunali kondowole ndi nsomba ya batala yowotcha. Kwa amene simunadyepo: kondowole ndi nsima yonanda, yokoka, sumatafuna kwambiri, umangotema kambamu kakang'ono, kuviika m'msuzi n'kumeza. Ndadya mitanda itatu.

Lamulungu, ku Bandawe

Tinapemphera ku tchalitchi cha CCAP ku Bandawe, ife pa njinga, apongozi pa kabaza. Nyimbo za Chitonga sindinazimve mawu onse koma mayimbidwe ake ndi omwe aja a kwathu. Malo ano ndi akale: amishoni a Livingstonia anasamukira kuno mu 1881 atavutika ndi malungo ku Cape Maclear, ndipo mu 1894 Robert Laws anakwezanso likulu kupita ku Khondowe, kumene lero timati Livingstonia. Nthawi imeneyo Atonga ambiri ankakhala m'malinga m'mbali mwa nyanja poopa nkhondo za Angoni ochokera kumapiri komwe tatsika ife, ndipo sukulu anailandira ndi manja awiri. Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anabadwira ku Chifira, pafupi pomwe pano. Tikamati Atonga ndi anthu oyenda ndi okonda sukulu, gwero lake lili pa gombe lino.

Titaweruka tinapita kumanda a amishoni oyambirira, pafupi ndi nyanja. Ambiri anafa akadali achinyamata.

Masana tinayesa kupalasa m'mphepete mwa madzi. Mchenga wa ku Chintheche ndi woyera ndi wosalala, wokoma kuuona koma wouma sukwereka, tayala limangozama. Chinsinsi n'kuphwetsako mpweya pang'ono ndi kuyenda pamene funde langobwerera kumene, pamchenga wonyowa wolimba. Mwera unali kumbuyo kwathu pobwerera, ukutikankha. Tinadutsa pakati pa mabwato ogonekedwa, asodzi akusoka chilimira, usipa uli waliwali pa matandala. Ana anatithamangira mtunda wautali, ndipo kamtsikana kena kolimba mtima kanapempha kukwera. Ndinatsitsa chishalo, ndinagwira kumbuyo, kanapalasa mpaka pa mwala n'kubwerera, anzake akuwomba m'manja.

Kutali pakati pa nyanja kunaima mizati iwiri yakuda ngati utsi wa sitima. Alamu anati si utsi, ndi nkhungu, tizilombo touluka tija timatuluka m'madzi mwa miyandamiyanda. Mphepo ikazikankhira kumtunda amayi amaziwola ndi malichero n'kuumba zikondamoyo zake za ndiwo.

Lolemba usiku, ku Nkhata Bay

Potsanzika, apongozi anatulutsa thumba la ufa wa kondowole loti ndikapatse mwana wawo ku Lilongwe, ndi kamtolo ka usipa. Njinga yanga ilibe kaliyala. Alamu anati titumize pa minibasi, koma ndinakana. Mnyamata wina wapamudzi anadula timitengo tiwiri, anatimanga ku felemu ndi pansi pa chishalo, thumba pamwamba, malegeni kuzungulira katatu. Linagwira.

Kuchokera ku Chintheche kufika kuno ndi makilomita pafupifupi 40, ambiri pa tala wa M5. Ndi giya imodzi ndi thumba kumbuyo, chitunda chilichonse ndinachimva m'mawondo, ndipo zitatu ndinakankha, phewa pathumba. Tinawoloka Luweya, tinadutsa m'nkhalango ya Mkuwadzi mmene mitengo yachilengedwe italiitali imakumana pamwamba pa msewu n'kuchita mthunzi wozizira, kenako m'minda ya mphira ya Vizara. Mitengo ili m'mizere yowongoka, uliwonse wotemedwa mozungulira, utomoni woyera ukudontha m'kakapu. Anyamata m'mbali mwa msewu akugulitsa mipira yokulunga ndi mphira yomweyo, akuidundulitsa pa tala kuti uone mmene imadumphira. Ndagulira mwana wanga umodzi.

Tisanalowe m'tauni alamu anandipatutsira m'tinjira ta m'midzi totsikira ku gombe la Chikale. Kuno gombe si lamchenga wautali ngati ku Chintheche. Ndi miyala ndi mapiri ogwera m'madzi, kanjira kakukwera ndi kutsika pakati pa nyumba ndi minda ya chinangwa, madzi pansipo oyera moti nsomba za mbuna zimaoneka uli pamtunda. Tinasamba pomwepo, mabala akuwawa bwino.

Kenako tinaima pa chipilala cha anthu amene anaphedwa pa 3 Malichi 1959, pamene asilikali a boma la atsamunda anawombera khamu limene linasonkhana padoko kufuna abale awo omangidwa, amene anali atawakweza m'sitima ya Mpasa. Anthu osachepera 20 anafa tsiku limenelo pamalo pano. Tinavula zisoti. Alamu anawerenga maina onse motsitsa mawu.

Ilala ili pano, yabwera kuchokera kumpoto, nyali zake zikuwala pamadzi. Sitima imeneyi yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Alamu atsala, abwerera kwa amayi awo mawa. Ine ndagula tikiti yolowera kumwera. Njinga aikweza pamodzi ndi matumba a chinangwa, mitolo ya nthochi ndi malata a munthu wina wa ku Likoma. Thumba la apongozi ndalimasula, ndalitsamira, ndipo tikudikira kuti sitima ilize hutala.